Khutu Limodzi

Ntchito yanga ndi ya tsache ndi kansanza.
M'mamawa ndimakwera phiri kuseri kwa Furankungo,
ndipukute fumbi pa sola, ndisuzumire batire,
ndiingitse mbuzi za a Kandulu zisatafune waya.
M'kanyumba ka simenti mulibe mpando, mulibe zenera,
muli kachitini chabe, kokhazikidwa pathanthwe
ngati khutu la mzamba pamimba ya wapakati.

Usiku wa Lachiwiri lija mbale zinalira zokha pathandala,
nkhuku zinatsika mumtengo kusanache.
Mkazi wanga anati zachokera kudambo.
Mnansi analoza kumadzulo, cha ku Chifunde.
Aliyense ndi chala chake.

Injiniya Lurdesi anafika Lachisanu pa njinga yamoto,
matope lekeza m'mawondo,
natsegula kompyuta pamwamba pa thumba la makala.
Mzere unali utagona, phee,
kenako timano ta sowo,
kenako, patapita kanthawi, chipwirikiti.

"Bambo Zuze, taonani. Amithenga ndi awiri.
Amanyamuka limodzi pomwe mwala wathyoka.
Woyamba ndi waliwiro, amakankha chamtsogolo,
wachiwiri amabwera mopotokola ngati njoka.
Ulendo ukatalika, mpata wawo umakula."
Ndinati: monga ching'aning'ani ndi bingu?
Anagwedeza mutu. Tinawerenga masekondi makumi awiri.
"Makilomita zana ndi makumi asanu ndi limodzi, kapena kuposerako."
Kuti?
"Khutu limodzi silingayankhe zimenezo.
Limadziwa kutalika, njira silidziwa."

Anapempha chikhomo ndi luzi,
nazunguliza pansi monga timachitira pomanga nkhokwe.
Mkombero woyamba ndi wathu.
Wachiwiri ndi wa khutu lina, kutali kumwera:
inadutsana pawiri, mlandu sunathe.
Wachitatu, wochokera kutsidya kwa malire,
unadzagwa pamodzi mwa awiriwo, ndendende.
Anabayapo chala. Nyerere inali kudutsa pomwepo
itasenza phiko la ngumbi.
Sikudambo, si ku Chifunde. Ndinamva chisoni ndi zala zathu.

Nanga kukula kwake?
Anayeza dzino lalitali kwambiri la mzere uja.
"Koma ng'oma ya pakhomo imagonthetsa,
ya kutsidya imangonong'ona, ngakhale ili yaikulu.
Choncho timafunsa kaye mtunda, kenako msinkhu."
Analemba folo ndi kadontho ndi thuu.
Ndinati: bola, sichinafike faifi, chatsala pang'ono.
"Pang'ono? Makwerero amenewa ndi achinyengo.
Phazi limodzi, mzere utalika kakhumi,
mphamvu ichuluka koposa makumi atatu."
Ndinayang'ana mng'alu wa pakhoma la tchalitchi kumunsiko
ndipo sindinayankhe.

Palinso timano tina, ta masana dzuwa lili paliwombo.
Timeneto si chivomezi, anatero,
ndi a migodi ya malasha ku Moatize akuphulitsa mwala.
Dziko silisunga wotchi, anthu ndiwo amasunga.

Sindinamuuze injiniya za Benjamito.
Anakwera shapa ya ku Moatize komweko zaka zisanu zapitazo
ndi nsapato zanga za ku ukwati.
Kamodzi kokha foni inalira: mametikali mazana asanu,
popanda mawu, nambala yake yosayankhanso.
Ndiwo mkombero wanga umodziwo.
Ndimauzungulira usiku, chikhomo chili pamtima,
ndipo paliponse pa mzerewo mwana angakhalepo.
Amati wina anamuona pa mlatho wa Zambezi akugulitsa mayunitsi,
koma wonenayo anali ataledzera,
luzi lake silinali lokoka.

Ndikudikira mboni ziwiri.

Pakali pano mvula yayandikira, udzu ukufuna chikwakwa,
chiswe chayamba kukwera chitseko.
Ndimayenda monyang'ama pafupi ndi thanthwe,
poti anandichenjeza: kachitini kamamva ngakhale chidendene changa
nkutumiza ku Maputo.
Kumeneko wina amene sadziwa nkhope yanga
amaona kamzere kakunjenjemera sikisi koloko,
nati: mlonda wafika.